Ana tinawapeza, nanga anakathera kuti? Kuunika kafukufuku wa ulumali wa ana ku Thyolo ndi ku Ntcheu

Pokamba za ana a ulumali m'dziko muno, nambala imene imatchulidwa kawirikawiri ndi yakuti ana 17 mwa ana 1,000 alionse ali ndi ulumali waukulu kapena matenda a khunyu. Nambalayi inachokera mu kafukufuku amene anachitika ku Thyolo ndi ku Ntcheu m'chaka cha 2013, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2017 m'magazini ya BMC Pediatrics. Anatsogolera ntchitoyi ndi a Myroslava Tataryn ndi anzawo a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, mogwirizana ndi madokotala a ku Blantyre, monga a Linda Chokotho, a Wakisa Mulwafu ndi a Petros Kayange.

Ndi kafukufuku wofunika, ndipo aliyense wogwira ntchito ndi ana ayenera kudziwa zimene anapeza. Komabe ndikuona kuti iyeyu, pamodzi ndi akafukufuku ena ambiri a mtundu wake, amayankha bwino funso lakuti "anawa alipo angati?" n'kulekera panjira funso lakuti "titawapeza chinawachitikira n'chiyani?" Amene amatsalira kwambiri pamenepa ndi ana a ulumali wokhudza kakulidwe. Apa ndikutanthauza ulumali umene umayamba mwana akadali wamng'ono chifukwa cha vuto la mu ubongo, n'kumamulepheretsa kuphunzira, kulankhula, kuyenda kapena kukhala bwino ndi anzake monga amachitira ana a msinkhu wake. M'gululi muli ana ochedwa kumvetsa zinthu, ana opuwala ziwalo chifukwa ubongo unavulala pobadwa kapena ali akhanda, komanso ana a autism ndi a Down syndrome. Ambiri mwa iwo amadwalanso khunyu.

Momwe ntchito inayendera

Njira yodziwika yopezera kuchuluka kwa vuto m'dera ndi kusankha midzi mwamaere, n'kuyenda khomo ndi khomo kuyeza aliyense. Pa ulumali waukulu njirayi imadya ndalama zambiri, chifukwa mumayeza ana mazanamazana kuti mupeze ochepa. Gulu la a Tataryn linatenga njira ina imene inayesedwapo ku Bangladesh: kuphunzitsa anthu a m'mudzi momwemo, odziwa khomo lililonse, kuti alembe mayina a ana amene akuwaganizira kuti ali ndi ulumali. Anthu ongodzipereka pafupifupi 500 anaphunzitsidwa, ndipo analemba ana osakwana zaka 18 okwana pafupifupi 15,000. Anawo anaitanidwa kumalo oyezera amene anakonzedwa m'madera awo. Amene anafika anali 7,220, ndipo mwa iwo 39 pa 100 alionse anatsimikizidwa kuti ali ndi ulumali kapena khunyu.

Mwa ana otsimikizidwawo, 39 pa 100 anali ndi ulumali wa ziwalo, 27 pa 100 anali ndi vuto la kumva, 26 pa 100 anali ndi ulumali wa nzeru, 22 pa 100 anali ndi khunyu, ndipo 4 pa 100 anali ndi vuto la maso. Mukaphatikiza nambalazi zikupitirira 100 chifukwa ana ena anali ndi mavuto awiri kapena kuposerapo. Theka lokha la ana oganiziridwa khunyu ndi limene linkalandira mankhwala. Ana 73 pa 100 anali pa sukulu, koma mwa ana a ulumali wa mitundu ingapo, amene anali pa sukulu anali 38 pa 100 okha.

Tiyeni tizibweretse pafupi. Mlangizi wa zaumoyo amene akuyang'anira anthu 1,000 ali ndi ana pafupifupi 500 m'dera lake, pakuti theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18. Malinga ndi kafukufukuyu, ana 8 kapena 9 mwa iwo ali ndi ulumali waukulu kapena khunyu, ndipo awiri ndi a ulumali wa nzeru. Ngati m'kaundula wanu mulibe ngakhale mmodzi, sikuti m'mudzimo mulibe. Sanalembedwe chabe.

Zoyenera kuyamikira

Choyamba, ntchitoyi inaonetsa kuti munthu wa m'mudzi, ataphunzitsidwa kwa nthawi yochepa, angathe kupeza ana amene chipatala sichinawaonepo. Ana anayi mwa khumi alionse amene anabwera anapezekadi ndi vuto, pamene poyenda khomo ndi khomo mungayeze ana 50 kapena kuposa musanapeze mmodzi. Chachiwiri, ochita kafukufuku sanakhutire ndi kufunsa mafunso basi. Mwana aliyense anaonedwa ndi azachipatala, ndipo ofunika thandizo anapatsidwa kalata yopitira kumene angathandizidwe. Chachitatu, zotsatira zinalembedwa m'njira yoti wokonza bajeti ya boma angathe kugwiritsa ntchito: pa anthu 1 miliyoni alionse, ana pafupifupi 2,100 akufunika mafizo ndi maphunziro a kudzisamalira, ndipo ana 300 akufunika njinga ya olumala. Si akafukufuku onse amene amafika pamenepa.

Theka limene silinabwere

Vuto loyamba lili pa ana oposa 7,000 amene analembedwa koma sanafike kumalo oyezera. Kuti nambala ya 17 pa 1,000 ituluke, panafunika kuganizira kuti ana osabwerawo ndi ofanana ndi amene anabwera. Inu amene mumayenda m'midzi dzifunseni ngati zimenezi zimakhaladi choncho. Ndani amatsala pakhomo tsiku loyeza? Mwina ndi mwana wa vuto laling'ono amene makolo ake anaona kuti kumunda n'kofunika kuposa ulendowo. Koma mwinanso ndi mnyamata wa zaka 12 wosakhala yekha tsonga, amene mayi ake sangathenso kumubereka kumsana kukwera mapiri a ku Thyolo, ndipo sangakhazikike pa kabaza. Mwina ndi mtsikana amene amakuwa ndi kudzimenya akaona khamu la anthu, ndipo agogo ake atopa ndi maso a anthu. Mwina ndi banja limene linauzidwa kuti mwanayo anamuchita zamankhwala kuti wina alemere, ndiye kuchipatala kulibe chimene akatengeko.

Ngati otsalawo ndi a mavuto aang'ono, nambalayo yakwera mopitirira. Ngati ndi a mavuto aakulu, yatsika. Lipotili limati nambala yeniyeni ili pakati pa 16.9 ndi 17.7 pa 1,000, ndipo wowerenga angaganize kuti yapimidwa mosaphonya. Koma malire amenewa amangoonetsa kusiyana kobwera mwangozi powerengera. Sanena kanthu za mwana amene sanaonedwe. Choncho nambalayi tiziigwiritsa ntchito ngati chiyerekezo chothandiza, tisamaitchule ngati kalembera.

Ulumali umene maso saona

Vuto lachiwiri likukhudza amene sanalembedwe n'komwe. Munthu wongodzipereka amalemba chimene akuchiona kapena chimene mudzi wonse ukuchidziwa: phazi lopindika, khutu lotuluka mafinya, mwana amene amagwa. Mwana amene amayenda bwinobwino, amatunga madzi, koma wabwereza Sitandade 2 katatu ndipo satha kuwerenga chenji, anthu samutcha wolumala. Amangoti ndi wogona, waulesi kapena wosamva.

Mukawerengera kuchokera pa zotsatira za kafukufukuyu, ana a ulumali wa nzeru akukwana 4 kapena 5 pa ana 1,000. Kafukufuku wophatikiza zotsatira za m'maiko ambiri amene a Pallab Maulik ndi anzawo anasindikiza mu 2011 anapeza anthu pafupifupi 10 pa 1,000, ndipo m'maiko osauka nambala inali yokwererapo. N'zoona kuti gulu la a Tataryn linkafuna ulumali waukulu ndi wapakati wokha, kotero kutsikako sikodabwitsa. Koma nambala ikachoka mu lipoti n'kulowa m'zikalata za mapulani, mawu ochenjezawo amatsala m'mbuyo, ndipo ana a vuto locheperapo, amene ndi ochuluka komanso amene sukulu ingawathandize kwambiri, amasowa powerengedwa.

Ku Thyolo komweko, pulojekiti ya Tikule Limodzi, imene inayendetsedwa ndi University of Birmingham, bungwe la Sightsavers ndi Chancellor College, inayeza ana 933 a m'sukulu za mmera mpoyamba 48. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2020 zinaonetsa kuti ana pafupifupi 11 pa 100 anali ndi ulumali malinga ndi mayankho a makolo, ndipo pafupifupi 12 pa 100 ankaoneka kuti akuchedwa kakulidwe. Boma limodzi, koma kwina ana osakwana 2 pa 100, kwina oposa 10 pa 100. Palibe amene ananama. Woyamba ankawerenga ulumali waukulu wotsimikizidwa ndi azachipatala, wachiwiri ankawerenga zimene mwana akuvutika kuchita tsiku ndi tsiku. Wina akakuuzani nambala ya ana a ulumali, mufunseni kuti anayeza chiyani, kwa ana a msinkhu wanji, ndipo anawapeza kuti. Tikule Limodzi nayenso ali ndi malire ake: anayeza ana amene ankabwera kale ku mmera mpoyamba, osati amene amatsekeredwa m'nyumba makolo akapita kumunda.

Chida choyezera kakulidwe ka ana tili nacho, ndipo chinapangidwira konkuno. Malawi Developmental Assessment Tool, imene ambiri amangoti MDAT, inasindikizidwa mu 2010 ndi a Melissa Gladstone ndi anzawo, ataona kuti zida za ku Ulaya ndi ku America zimafunsa za zoseweretsa ndi zochita zimene mwana wa kumudzi sanazionepo. Ili ndi zoyeza 136 m'magawo anayi: kuyenda ndi kukhala, kugwiritsa ntchito zala, kulankhula, ndi kukhala ndi anthu. Inayesedwa pa ana a kumudzi 1,426, ndipo inazindikira ana 97 mwa 100 alionse amene analidi ndi ulumali wa mu ubongo. Masiku ano ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ena ambiri. Koma MDAT ndi ya ana osapitirira zaka 6, ndipo kuyeza mwana mmodzi kumatenga pafupifupi theka la ola. Mlangizi amene ali ndi amayi 80 pamzere tsiku la sikelo sangaikwanitse, ndipo kwa mwana wa zaka 10 amene wakakamira mu Sitandade 2 siingathandize. Chida chotchuka m'mabuku a kafukufuku sichinasanduke chida cha pa sikelo kapena cha m'kalasi.

Kukhala pa sukulu ndi kuphunzira

Nambala ya 73 pa 100 imaoneka yolimbikitsa, ndipo ena amaitchula ngati umboni wakuti ana a ulumali akuphunzira limodzi ndi anzawo. Tisamale. Kuyambira 1994 pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, kulembetsa mwana sikovuta. Funso lakuti "kodi amapita ku sukulu?" silitiuza ngati amapita masiku onse, ngati wabwereza kalasi kangati, ngati amatha kulowa m'chimbudzi cha pasukulupo, kapena ngati mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi anayamba wamutchulapo dzina.

Mwana wosamva bwino akakhala kutsogolo zinthu zimasinthako. Mwana wa ulumali wa nzeru amafuna zambiri: kubwerezeredwa phunziro, kuphunzitsidwa ndi zinthu zogwirika, kupatsidwa nthawi, ndi kuyesedwa m'njira ina. Aphunzitsi a luso limeneli amaphunzitsidwa makamaka ku Montfort Special Needs Education College ku Chiradzulu, ndipo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi sukulu zimene zilipo. Boma linali ndi ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021, ndipo mu 2024 lamulo latsopano la anthu a ulumali linalowa m'malo mwa la 2012, MACOHA n'kusanduka MACODA. Kuti tidziwe ngati ndondomeko ndi malamulowa zikusintha moyo wa mwana, pakufunika kafukufuku woyeza zimene mwanayo waphunzira pakutha pa chaka, osati dzina lake m'kaundula wa kalasi. Nambala imene iyenera kutidetsa nkhawa ndi 38 ija: mwa ana khumi a ulumali wa mitundu ingapo, asanu ndi mmodzi anali kunyumba.

Kalata ikaperekedwa

Apa ndi pamene pagona dandaulo langa lalikulu. Lipoti la 2017 limathera pa kutumiza ana kumalo a thandizo. Kuti tione chimene chimachitika pambuyo pake, tiyenera kuyang'ana ntchito ina ya ku Thyolo komweko, imene a Tess Bright, a Mulwafu ndi anzawo anasindikiza m'chaka chomwecho. Mwa ana 150 a vuto la makutu amene anatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anafika anali 5. Makolo atafunsidwa anatchula kutalika kwa ulendo, kusowa kwa ndalama yoyendera ndi yodyera, mantha ndi chipatala chachikulu chimene sakuchidziwa, komanso kusamvetsa zimene anauzidwa tsiku loyeza.

Gululi linachita bwino kusalekera pomwepo. Linakonza kabuku ka zithunzi kosonyeza ulendo wa ku Queens, uphungu woperekedwa ndi mlangizi pamodzi ndi kholo limene linapitako kale, ndi uthenga wa pa foni wokumbutsa tsiku. Atayesa pa mabanja 30, oposa theka anafika. Mabanja 30 ndi ochepa, ndipo panalibe gulu lina loyerekezera nalo, koma njira yake ndi imene tikuifuna: kuona pamene mwana akutayika, kufunsa chifukwa, kukonza, n'kuyezanso.

Tsono taganizani. Vuto la khutu lili ndi khomo lodziwika ku Queens, ndipo nthawi zina limatha ndi ulendo umodzi kapena iwiri. Nanga mwana wa ulumali wa nzeru kapena wa autism timulembera kalata yopita kuti? Palibe opaleshoni kapena jakisoni womuchiza. Amafuna thandizo la zaka zambiri, pafupi ndi kwawo. Malo ngati St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kapena Kachere ku Blantyre, alipo, koma sangafikire mwana aliyense wa ku Ntcheu ndi ku Thyolo. Ngati ana a makutu anafika 5 mwa 150, palibe chifukwa choganizira kuti anawa zinawayendera bwino kuposa apo. Kumuuza mayi kuti mwana wake ali ndi ulumali wosatha, n'kumupatsa pepala lopita kumene sangafike, n'kumusenzetsa katundu wina pamwamba pa amene anali naye kale.

Katunduyo anayezedwapo. A Charles Masulani-Mwale a ku St John of God ndi anzawo anafunsa makolo 170 a ana a ulumali wa nzeru, ndipo mu 2018 anafalitsa kuti 41 pa 100 anali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo. Kuchokera pamenepo anakonza maphunziro a makolo a m'magulu otchedwa Titukulane. Bungwe la WHO nalo lili ndi maphunziro a osamalira ana ochedwa kakulidwe amene angaperekedwe ndi anthu oti si akatswiri, ndipo ayesedwa ku Ethiopia ndi ku Kenya. Ntchito zotere ndi zimene zikuyenera kuchuluka, chifukwa zimafika kwa munthu amene amakhala ndi mwanayo usana ndi usiku.

Wina anganene kuti ndikudzudzula kafukufuku chifukwa chosachita chimene sanalonjeze. Cholinga chake chinali kuwerenga, ndipo popanda nambala boma ndi mabungwe sangatulutse ndalama. Ndikuvomereza, ndipo n'chifukwa chake dandaulo langa silikupita kwa gulu limodzi lokha. Likupita kwa tonse ochita kafukufuku, kwa opereka ndalama amene amakonda ntchito ya chaka chimodzi yotulutsa nambala, ndi kwa makomiti ovomereza kafukufuku. Walira mvula walira matope. Wopempha chilolezo chokafufuza ana a ulumali m'midzi azifunsidwa kuti akawapeza adzawalondola bwanji pakatha miyezi 6 kapena 12, ndipo ndalama yake ili pati mu bajeti.

Zimene mungatengepo kuntchito kwanu

Simukufunika kudikira kafukufuku wina kuti muyambe. Lembani ana a ulumali a m'dera lanu, ndipo pofunsa musamati "kodi pano pali wolumala?" Funsani ngati pali mwana amene wachedwa kukhala, kuyenda kapena kulankhula kuyerekeza ndi anzake, amene amakomoka, kapena amene akubwerezabwereza kalasi. Muzikumbukira ana amene anachedwa kulira pobadwa, amene anadwala chikasu ali akhanda, amene anadwala matenda oumitsa khosi, ndi amene anakomoka ndi malungo. Kafukufuku wa a Gretchen Birbeck ndi anzawo ku Queens, wa mu 2010, anatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo. Mwa iwo 12 anayamba khunyu pambuyo pake, pamene mwa ana 264 oyerekezera nawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Mwana wotere akatuluka m'chipatala sikuti nkhani yatha. Mukamuyendere pakapita miyezi ingapo.

Pa khunyu pali chochita chooneka: onetsetsani kuti mwana wayamba mankhwala, akumwa tsiku lililonse, ndipo makolo akudziwa kuti sayenera kusiya kukomoka kukaleka. Mukapereka kalata, lembani tsiku m'kaundula wanu ndipo mubwererenso kukafunsa ngati anapita. Ngati sanapite, lembani chifukwa chake. Zifukwa zimenezo mukapita nazo ku msonkhano wa pa chipatala chanu ndi umboni umene akuluakulu a boma alibe. Kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu komanso alezi a ku mmera mpoyamba, ndipo ngati m'dera lanu muli makolo atatu kapena anayi a ana otere, akumanitseni, kapena alumikizeni ndi bungwe la makolo la PODCAM kumene lilipo.

Ndipo gulu lina la kafukufuku likadzabwera kudzakupemphani kuti muwalembere mayina a ana, alandireni bwino, koma muwafunse mafunso awiri musanayambe: ana amene tiwapeze adzathandizidwa kuti, ndipo mudzabwera liti kudzatiuza kuti ndi angati anafika? Makolo akadzaona kuti palibe chachitika, sadzapita ku London kapena ku Blantyre kukafunsa. Adzagogoda pakhomo panu.